Mpweya Wotsendera

Chingwe chinagwedezeka kawiri m'manja mwa Everson, ndipo anayamba kukoka akudziwa kale kuti ntchito sinathe. Thovu limene linkabwadamuka pakati pa damu linasendera kumbali, kenaka mutu wa a Malizani unatumphuka, matope okhaokha mpaka m'makutu. Analavula chopumira n'kukakamira khoma la damu ndi manja onse awiri, akupuma wefuwefu.

"Yatseguka, alamu?" anafunsa Everson.

"Theka," anayankha a Malizani. "Chipika chija chakana. Mpweya wandithera ndisanachimange n'komwe."

Pa esiteti yonse ya tiyi imene ija, a Malizani okha ndiwo ankalowa pansi pa madzi. Madamu a kampani anali ndi mapaipi otengera madzi ku nazale ndi ku minda ya tiyi wamng'ono, ndipo sefa za mapaipiwo zikatsekeka ndi matope kapena zipika za bulugamu, iwo ankabereka silinda ya mpweya n'kumira kukazitsegula. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata kwa manijala wina wachizungu, amene pochoka anasiya silinda yake yachitsulo ku wekishopu. Chifukwa cha ntchito yomweyi, iwo ndi akazi awo a Ester ankakhala m'nyumba ya kampani, yamalata, ya mpopi pakhomo. Everson anali mlongo wamng'ono wa a Ester. Iye ndiye ankapopera silinda pa kompuresa, ndipo ndiye ankagwira chingwe alamu ake akamira.

Pamwamba pa khoma panaima a Gracious, injiniya wa esiteti, manja ali m'thumba.

"Bambo Malizani, ntchito yotereyi kale munkaimaliza ulendo umodzi. Damu lomweli tabwererapo kangati?"

"Madzi a chaka chino ndi ozizira, bwana."

"Madzi ndi omwe aja. Mukauma mundipeze ku ofesi, tikacheze."

Madzulo ake Everson anadutsira kwa achemwali ake n'kupeza nkhani itafika kale pakhonde. A Ester ankasankha nyemba m'lichero, amuna awo atakhala pa njerwa, atafunda jekete ngakhale dzuwa linali lisanalowe.

"Wamva, Everson?" anatero a Ester. "Mkulu woyang'anira mapampu akupuma pantchito. Bwana akufuna alamu akowa alowe m'malomo. Nyumba ndi yomwe ino, ntchito yake ya pamtunda, youma. Koma eni ake akuti iyayi."

"Sindinati iyayi," anatero a Malizani. "Ndati ndikaganize. Ine ndizikakhala pampando tsiku lonse kumvetsera injini ikulira? Imeneyo ndi ntchito ya munthu amene mano anatha."

"Anuwo atsala angati? Tayasamulani tiwerenge. Mpando suluma, bambo. Masiku ano mukatsokomola m'nyumbamu malata amayankha. Mukufuna tsiku lina mwanayu adzakoke chingwe n'kuvuula mtembo?"

A Malizani anayang'ana mizere ya tiyi imene inkatsikira kudambo.

"Chabwino," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Ndilowenso pa chipika chija. Chikandikanika, mpando wanuwo ndikhalapo."

Everson anawayang'ana n'kumva chisoni chachikulu. Anali asanawaonepo alamu ake atachepa chotero. Munthuyu ndi amene anamuchotsa m'munda wa tiyi n'kumupezera malo ku wekishopu, ndi amene anamuyendera za ukwati wake, ndipo ana a m'makomboni akawaona a Malizani ankathamanga pambuyo pawo akufuula kuti katumbu, katumbu. Tsopano anali atakhala pa njerwa ngati wodwala woyembekezera dzina lake ku chipatala.

M'mawa mwake Everson anaimika silinda mu mgolo wa madzi, kuti isatenthe poipopera, n'kuyatsa kompuresa. Paphewa pa silindayo panali nambala yokhomedwa m'chitsulo, 2400, kusonyeza puresha imene inayenera kulandira. Kale pambali pake pankakhala kachizindikiro ka mtanda, ndipo mtandawo unkalola kuonjezera mpaka 2640, pamene silindayo inkafika pa muyeso wake weniweni wa mpweya. Koma itapita kukayezedwa ku Blantyre ulendo wotsiriza, oyezawo anakana kukhomanso mtanda, ati chitsulo chakula. A Gracious analemba 2400 ndi penti yofiira pakhoma, pamwamba pa kompuresa. Motero mpweya unachepa m'silinda pa nthawi yomwe chifuwa cha a Malizani chinayamba kufuna wochuluka.

Muvi wa geji yoonetsa puresha unakwera pang'onopang'ono n'kufika pa nambala yofiira ija. Dzanja la Everson linali pa vavu, koma silinatseke.

Vuto la Everson linali lakuti anakula ndi dengu kumsana. Aliyense amene anathyolapo tiyi ku Thyolo amadziwa kuti dengu silidzaza. Ukaona ngati ladzaza umalowetsa mkono n'kutsendera, ndipo malo amapezeka. Akapitawo amakalipa kuti masamba otsendera amatentha n'kufiira asanafike ku fakitale, koma akapitawo akangotembenuka mkono umalowanso. Everson anachoka m'munda kalekale, koma mkono uja anabwera nawo ku wekishopu. Anakumbukiranso alendo ena a manijala amene anadzapopetsa masilinda awo popita kunyanja. Awo anali a aluminiyamu, ndipo ankalandira 3000 osadandaula.

"Aluminiyamu, yopangira mapoto," anadziyankhulira. "Nanji chitsulo chenicheni?"

Anasiya muvi uyende. Unadutsa 2640, pamene kale pankathera, ndipo silinda sinalire, sinagwedezeke. Anatseka pa 3000 n'kupukuta silindayo ndi chiguduli ngati wapukuta umboni.

A Malizani sakanadziwa. Silinda yawo inali yachikale, yopanda geji yoyenda nayo m'madzi, ndipo ngakhale ikanakhalapo, m'damu la matope munthu saona ndi dzanja lake lomwe. Iwo ankamvera chifuwa basi. Kupuma kukayamba kulimba ankakoka waya wa m'mbali mwa silinda, mpweya wotsiriza n'kutseguka, wongokwanira kubwerera kumtunda.

Tsiku limenelo chiperoni chinali chitakuta phiri, madzi akuluma mafupa. Everson anagwira chingwe maso ali pa thovu. Inakwana nthawi imene alamu ake ankagwedeza chingwe masiku amenewo, koma thovu linapitiriza kutuluka pamalo amodzi. Kenaka chingwe chachiwiri, chomangira chipika, chinakungika, thirakitala imene inkadikira kumtunda inakoka, ndipo chipika chinatuluka chakuda bii, madzi n'kuyamba kuzungulira pakamwa pa paipi. A Malizani anatumphuka akuseka, chopumira chisanachoke n'komwe pakamwa.

"Alamu! Waya sindinamukhudze! Uzani achemwali anu mpando uja akaotchere chimanga!"

Everson anasekanso, ndipo kuseka kwake kunali koona. Anaona ngati wachita chinthu chabwino kwambiri m'moyo wake wonse.

Kuchokera pamenepo a Malizani anasanduka munthu wina. Jekete analivula. Ankati chawachiritsa ndi tiyi wa mandimu ndi jinja amene ankamwa m'mawa, ndipo anayamba kulangiza aliyense, ndi alonda omwe, kuti azimwa. Kutchalitchi anaimirira n'kupereka umboni kuti Mulungu wawabwezera chifuwa cha unyamata, mpingo n'kuomba m'manja. Kutsokomola sikunathe, koma ankati ndi fumbi la mumsewu. Ndipo nthawi iliyonse akabwerako m'madzi atatopa pang'ono, Everson ankasuntha muvi patsogolo. Dengu likalola kamodzi, mkono sukhutira.

Tsiku lina m'mawa a Malizani anatulukira pakhomo la wekishopu atavala malaya oyera a kutchalitchi.

"Alamu, ndikupita kwa bwana. Ndikukawauza kuti za mapampuzo apatse wina."

Everson anazimitsa kompuresa. "Bwanji mudikire kaye, alamu? Malo aja sathamangitsa munthu."

"Akuti akufuna yankho sabata ino. Kudikira chiyani? Inu ndi amene mumagwira chingwe. Mwaona nokha mmene ndikukhalira pansi paja. Kapena ndikunama?"

"Simukunama."

"Ndiye?"

Nambala yofiira inali pakhoma, kumbuyo kwenikweni kwa mutu wa a Malizani. Everson akanangoiloza ndi chala, nkhani yonse ikanatha pomwepo. Koma nkhope ya alamu ake inkawala ngati ya mkwati, ndipo iye anaopa kuizimitsa. Anaopanso a Gracious, tisamubisire. Chimene chinatuluka m'kamwa mwake ndi chakuti, "Muyende bwino, alamu."

Kupopera mpweya wambiri kunali kupusa, koma kulakwa kwenikweni kwa Everson kunali apa, pakhomo la wekishopu, dzuwa likuwala. Anaima n'kumawayang'ana akukwera kamtunda ka ku ofesi, malaya oyera akuoneka pakati pa tiyi.

Malo a mapampu anapatsidwa kwa Dixon, bambo wa ana asanu wochokera kwa Nchilamwela. A Ester anakwiya masiku angapo osawayankhula amuna awo, kenaka anafewa.

"Ngati Mulungu wawabwezera chifuwa, ine ndine yani?" anamuuza Everson. "Koma iwe uziwagwirira chingwe bwino. Ndilibe ena."

Everson anangovomera ndi mutu, maso ali pansi.

Mwezi wa Okutobala unabwera ndi dzuwa lake loswa mtengo. Madamu anatsika, matope anachuluka, ndipo a Malizani ankaitanidwa pafupipafupi. Tsiku lina masana anakweza silinda pa ngolo ya thirakitala kuti apite ku damu la kumunsi, koma dalaivala anaitanidwa kaye kukathandiza pa shedi yoyezera masamba. Ngolo inaima pabwalo, pamtetete, silinda itagona pa chitsulo chotentha. A Malizani ndi Everson anakhala pansi pa mtengo. Othyola tiyi anali pamzere ndi madengu awo, akudikira sikelo.

Mwadzidzidzi kunamveka phokoso ngati mfuti, kenaka mluzu woboola makutu. Silinda inazungulira pa ngolo, n'kumenya m'mbali, n'kugwera pansi ikufwenthera fumbi. Amayi anataya madengu n'kubalalika m'tiyi akukuwa. Kalaliki wa sikelo analowa pansi pa tebulo. Mayi wina anagwa n'kusupuka bondo, ndipo mwamwayi bala linali lomwelo basi. Mluzu utatha panali zii, masamba atamwazika bwalo lonse.

A Gracious anafika pa njinga yamoto. Anagwada, n'kumasula kanati ka pa vavu, n'kutulutsa kachitsulo kopyapyala kozungulira katabooka pakati.

"Aka kamaikidwa dala," anatero akukaonetsa. "Puresha ikapyola muyeso kamabooka ikoko, kuti silinda isaphulike. Dzuwa limakweza puresha, inde, koma kuchokera pa 2400 silingafike pobowola aka. Everson, unapopera zingati?"

Everson anayang'ana fumbi la pa nsapato zake.

"Ndikufunsa iwe."

"3300, bwana."

A Gracious anaimirira pang'onopang'ono. "Wati zingati? Ukudziwa kuti chitsulo ichi chikanang'ambika uli chiimire pa kompuresa, tikanakutolera m'lichero? Unayamba liti zimenezi?"

"Nthawi ya chiperoni, bwana. Tsiku la chipika lija."

Anthu anali atayamba kubwerera n'kuzungulira. A Malizani anali ataima pambali, chopumira chili m'manja. Poyamba sanamvetse. Kenaka Everson anaona nkhope yawo ikusintha, ngati munthu amene waponda pamene amayesa pali sitepe.

"Tsiku la chipika," anabwereza. "Ndiye kuti masiku onsewa... Alamu, chifuwa changa chija?"

"Ndinkafuna kukuthandizani, alamu."

"Ndafunsa za chifuwa changa."

"Unali mpweya," anatero Everson, misozi ikulengeza. "Unali mpweya wochuluka basi."

A Malizani sanakalipe. Anaika chopumira pa ngolo mosamala, n'kudutsa pakati pa anthu, n'kulowera njira ya kunyumba wapansi. Ena mwa amayi aja anali a mpingo wawo, omwe anaomba m'manja tsiku la umboni, ndipo anawapatukira osayang'ana nkhope.

Silinda inapita ku Blantyre ndipo inabwerako itaboowoledwa m'mbali kuti wina asadzaipoperenso. Oyeza anati m'kati munali dzimbiri, ndipo chitsulo atachiyesa chinafutukuka osabwerera. Everson anapatsidwa chenjezo lomaliza, koma ntchito sanamuchotse, poti panalibe wina wodziwa kompuresa ndi makina owotcherera. Iye akanakonda akanamuchotsa.

A Gracious sanali munthu woipa mtima. Anabwereka silinda ina kwa anzawo a mumzinda, yofanana kukula ndi yakale ija, n'kuimirira okha pa kompuresa mpaka muvi unafika pa nambala yake. Sefa ya damu la kumunsi inali ikadali yotsekeka, mbande ku nazale zikufota.

"Bambo Malizani, sindikukukakamizani," anatero.

"Ndilowa, bwana. Ndikufuna ndidziwe."

Anamanga chingwe m'chiuno n'kupereka nsonga yake kwa Everson. Everson anaigwira, iwo n'kumira. Thovu linayenda mpaka pakamwa pa paipi n'kuima. Linkatuluka lambiri, mothamanga, losapumira, ndipo aliyense pakhomapo ankaona kuti munthu ali pansiyo akumeza mpweya ngati wothamanga pamtunda. Posakhalitsa chingwe chinagwedezeka kawiri. Anawavuula atakoka kale waya, milomo itachita buluu, ndipo anagona chafufumimba pakhoma akutsokomola mpaka kusanza madzi. Sefa inali isanatseguke ngakhale theka.

Dokotala wa ku chipatala cha esiteti anawamvetsera pamsana n'kunena kuti m'madzi asadzalowenso. Kampani inaganiza zoti iziitana akatswiri a mumzinda sefa zikatsekeka, m'malo mogula zida zatsopano. A Gracious anayesa kufunsa m'madipatimenti ena, koma malo a munthu wa msinkhu umenewo ndi chifuwa chimenecho panalibe. A mapampu aja anali a Dixon tsopano, ndipo palibe amene akanamuchotsa munthu wosalakwa. A Malizani anauzidwa kuti apume pantchito, ndipo nyumba aipereke mwezi ukatha.

A Ester anamupeza Everson ku mpopi wa wekishopu akusamba m'manja. Sanakuwe, ndipo kusakuwako kunamupweteka koposa.

"Tsiku limene ankakakana za mapampu lija anadzera kwa iwe," anatero. "Anandiuza okha. Unali ndi pakamwa, Everson."

"Ndinali napo, achemwali."

"Nyumba ija ndaberekeramo ana anga onse. Kumudzi kwa Khwethemule kuli chiyani? Kachipinda kamodzi ka mayi athu kamene denga linagwa, ndi munda wa miyala. Ukawaike kumeneko ndi chifuwa chimenechi?"

Atatero anatembenuka n'kumapita.

Lole ya kampani inabwera Loweruka m'mawa. Everson anafika asanaitanidwe n'kuyamba kunyamula. Ananyamula bedi, kabati, matumba a chimanga, zonse zolemera, akukana kuti wina amuthandize, thukuta likuyenderera. Anthu oyandikana nawo anaima m'makonde mwawo. A Ester anakwera kutsogolo osamuyang'ana. M'nyumba munatsala misomali yokha pakhoma ndi madontho a utsi kudenga.

A Malizani anatuluka pomalizira, atavala jekete lija. Anaima pakhonde n'kumuitana ndi dzanja.

"Alamu, bwerani kuno."

Everson anabwera n'kugwada pa sitepe. "Ndikhululukireni. Nditukwaneni ngakhale pamaso pa anthuwa, mwina mtima ungatsike."

"Dzukani, mukundichititsa manyazi. Sindikutukwanani. Munandimvera chisoni, ndikudziwa." Anatsokomola, n'kudikira mpweya ubwerere. "Koma mukudziwa, alamu, ine ndinali nditamva kale kuti ndakalamba. Tsiku lija pa njerwa paja ndinali nditavomera mumtima. Kunangotsala kulowa kamodzi, chipika chindikanike, ndikhale pansi ngati munthu. Zikanandiwawa sabata imodzi, basi. Inu munandibwereka unyamata wa miyezi yochepa, ndipo pobwera kudzautenga mwatenga ndi nyumba yomwe. Mukanandisiya ndikalambe pa nthawi yake."

Everson analira ngati mwana, osabisa nkhope.

Dalaivala analiza hutala. A Malizani anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi awiri omangidwa pa kansalu, n'kuwaika m'dzanja la Everson.

"Mutseke, mukapereke ku ofesi. Kamtunda kaja ine sindingakwerenso."

Anyamata awiri anawathandiza kukwera kumbuyo, ndipo anakhala pa matumba a chimanga atagwirira kabati kuti isagwe. Lole inatsika pang'onopang'ono mumsewu wafumbi wa pakati pa tiyi. Everson anaima pakhonde mpaka kulira kwa injini kunaleka kumveka. Kenaka anakoka chitseko, n'kukhoma, n'kuyamba kukwera kamtunda ka ku ofesi.